Zipsera za Bakhita: Mbiri ya Mtima Umene Mulungu Adauchiza Pang'onopang'ono



Pa 8 Febuluwale chaka chilichonse Mpingo wa Katolika umakumbukira Josephine Bakhita Woyera, sisitere wa chipani cha Canossa, amene adabadwira ku Sudan ndi kumwalirira ku Italy m'chaka cha 1947. Kwa ambiri a ife dzinali si lachilendo. Ku Balaka kuli sukulu ya atsikana yotchedwa Bakhita imene amayendetsa masisitere a chipani chake chomwecho, ndipo m'maparishi ena muli miphakati ndi makwaya otenga dzina lake. Chithunzi chake nachonso timachidziwa: mayi wakuda, wa nkhope yofatsa, atavala mendulo pachifuwa. Munthu akangoona chithunzicho atha kuganiza kuti mtendere umenewo adachita kubadwa nawo. Komatu pansi pa chovala chausisitere chija panali zipsera zoposa 100 zimene anthu adamutema ndi lumo ali kamtsikana, ndipo mumtima mwake munali mabala ena amene diso silikadatha kuwaona.

Pakati pathu alipo anyamata ndi atsikana amene amabwera ku Misa atasenza mtolo umene sadauululepo kwa munthu aliyense. Ena adaferedwa makolo ali aang'ono, ena adachitidwa nkhanza ndi anthu amene ankayenera kuwateteza, ena adanyozedwa mpaka kufika podziona ngati opanda pake. Amapemphera, amasala kudya, amapita ku m'bindikiro, koma ululu uja umabwerabe, ndipo amayamba kudzikayikira kuti mwina chikhulupiriro chawo n'chochepa. Mbiri ya Bakhita ili ndi mawu kwa anthu otere. Tiyeni sabata ino tiitsate chaka ndi chaka, kuti tione m'mene Mulungu adagwirira ntchito m'moyo wake, ndiponso utali wa nthawi imene ntchitoyo idatenga.

Mwana amene adaiwala dzina lake

Bakhita adabadwa cha m'ma 1869 m'mudzi wa Olgossa, m'chigawo cha Darfur, kuzambwe kwa Sudan. Banja lawo linali lopeza bwino monga mwa kapezedwe ka kumudzi, ndipo bambo ake anali mbale wake wa mfumu ya m'mudzimo. Iye mwini atakula ankakumbukira kuti masiku amenewo sankadziwa kuti kuvutika n'chiyani. Tsoka loyamba lidagwa pamene achifwamba ogwira akapolo adalowa m'mudzimo natenga mkulu wake wamkazi. Patapita zaka zochepa, cha m'ma 1877, iyenso adagwidwa. Tsiku limenelo ankayenda ndi mnzake kunja kwa mudzi pamene amuna awiri achilendo adamupatula mwachinyengo, namuopseza ndi mpeni ndi mfuti. Nthawiyo n'kuti asanakwanitse zaka 10.

Mantha a tsikulo anali aakulu kotero kuti atamufunsa dzina lake, pakamwa padauma, ndipo dzinalo lidachoka m'mutu osabwereranso mpaka tsiku la imfa yake. Omugwirawo adamutcha Bakhita, liwu la Chiarabu lotanthauza wamwayi. Kutchula mwana wobedwa kuti ndi wamwayi chinali chipongwe choonjezera pa nkhanza. M'kupita kwa zaka adatayanso chinenero cha makolo ake, ndipo sadaonanenso ndi mayi ake, bambo ake kapena abale ake.

Ife a kuno tisaiwerenge nkhaniyi ngati ya kutali. M'zaka zomwezo akapolo ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota pansi pa ulamuliro wa Jumbe, nawolotsedwa nyanja m'zombo kupita ku misika ya kugombe monga Kilwa, ndipo malinga a Mlozi kufupi ndi Karonga sadagwe mpaka m'chaka cha 1895. Ana ambiri amene adatengedwa m'midzi ya makolo athu palibe amene adalemba mbiri yawo. Bakhita ndi mmodzi mwa ochepa amene adapulumuka nafotokoza zimene adaziona, choncho mawu ake akuimiranso iwo aja amene adasowa osamveka.

Ufa, mchere ndi lumo

Adamuyendetsa wapansi, wopanda nsapato, ulendo wa makilomita mazanamazana kupita ku mzinda wa El Obeid. Ali m'njira adayesa kuthawa pamodzi ndi kamtsikana kena, koma munthu amene adawalonjeza kuti awaperekeza kwawo adawagulitsanso. Ku El Obeid adagulidwa ndi mkulu wina wolemera kuti azitumikira ana ake aakazi. Tsiku lina adalakwira mwana wamwamuna wa m'nyumbamo, ndipo adamenyedwa ndi kupondedwa mpaka kugona pa mphasa kopitirira mwezi osatha kudzuka. Kenaka adagulitsidwa kwa mkulu wa asilikali wa ku Turkey, kumene adakhala pafupifupi zaka zitatu akutumikira mkazi ndi mayi a mkuluyo. Pofotokoza za nyumba imeneyo, ankanena kuti sakumbuka tsiku limene lidadutsa iye asanalandire bala. Chilonda china chikamapola, chikwapu chinkatsegula china.

Kumeneko ndiko adakumana ndi chinthu chimene chidamuopsa koposa zonse. Unali mwambo woti akapolo azitemedwa mphini zosonyeza mwini wawo. Adaitana mayi wina wodziwa ntchitoyo, ndipo adabwera ndi mbale ya ufa, mbale ya mchere ndi lumo. Ndi ufa adalemba mizere pachifuwa, pamimba ndi pa mkono wamanja wa mwanayo. Ndi lumo adatema motsata mizereyo. M'mabalamo adapakamo mchere kuti asatsekeke msanga, zipsera zikhale zotukuka. Nthawi yonseyi mkazi wa mbuye wake anali chilili pomwepo, chikwapu chili m'manja. Atatha adamusiya pa mphasa magazi ali chuchuchu, popanda womutsuka mabalawo. Bakhita ankati adaona ngati afa.

Nkhanza zotere zimasiya chipsera pakhungu, komanso zimasiya phunziro loipa mumtima. Mwana amene amamenyedwa tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti iye ndi katundu, kuti alibe ufulu wokana, ndiponso kuti kulira kulibe phindu. Phunziro limeneli ndilo limavuta kufufuta kuposa chilonda. Komabe panali kanthu kamodzi kamene ambuye akewo sadathe kukafikira. Bakhita ankati akamayang'ana dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, ankadzifunsa kuti kodi mwini wake wa zinthu zokongolazi ndani, ndipo ankalakalaka kumudziwa ndi kumupatsa ulemu. Panalibe amene adamuphunzitsa katekisimu, koma Mulungu anali atayamba kale kugwira ntchito mwakachetechete.

Chikwapu chileka, ukapolo upitirira

Kumapeto kwa 1882 ankhondo a Mahdi, amene adaukira ulamuliro wa Egypt ndi Turkey m'dziko la Sudan, adayandikira El Obeid. Mkulu wa asilikali uja adagulitsa akapolo ake ambiri napita ndi otsala ku Khartoum. Kumeneko, m'chaka cha 1883, Bakhita adagulidwa ndi Callisto Legnani, woimira dziko la Italy mumzindamo. M'nyumba ya Legnani adakhala kwa nthawi yoyamba osamenyedwa kapena kutukwanidwa. Nkhondo itafika povuta, Legnani adakonza zobwerera kwawo, ndipo Bakhita adachonderera kuti apite naye. Adanyamuka ku Khartoum kumapeto kwa 1884, nayenda pa ngamira mpaka ku doko la Suakin pa Nyanja Yofiira. Mu Januwale 1885 Khartoum adagwa m'manja mwa a Mahdi, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Bakhita adatsika sitima ku Genoa, m'dziko la Italy.

Atangofika, Legnani adamupereka ngati mphatso kwa Turina Michieli, mkazi wa bwenzi lake Augusto Michieli. Adakakhala ndi banjali ku Zianigo, kufupi ndi Venice, ndipo m'chaka cha 1886 adakhala mlezi wa mwana wawo wamkazi Alice, amene ankamutcha Mimmina. Anthu amenewa sankamumenya. Ankadya bwino, ankavala bwino, ndipo mwanayo ankamukonda kwambiri. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adamufunsa chimene iye akufuna. Anali akadali chinthu choperekedwa kuchoka m'manja ena kupita m'manja ena, ndipo iyenso sadaganizepo zokana.

Ambiri amene adatuluka m'mavuto aakulu amaidziwa nyengo imeneyi. Nkhanza zatha, anthu akunena kuti tsopano zonse zili bwino, koma mtima ukadali wogwada monga udazolowerera. Kutha kwa chikwapu chinali chiyambi chabe cha ulendo wa Bakhita.

Kamtanda ka siliva ndi liwu lakuti ayi

Banja la Michieli silinkalabadira kwenikweni za chipembedzo, koma munthu amene ankayang'anira chuma chawo, Illuminato Checchini, anali Mkatolika wodzipereka. Iyeyu adapatsa Bakhita kamtanda ka siliva. Asanakapereke adayamba wakapsompsona, namufotokozera kuti munthu wopachikidwayo ndi Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, amene adafera anthu onse. Bakhita sadamvetse zambiri, koma adakabisa kamtandako poopa kulandidwa, pakuti kanali kanthu koyamba m'moyo wake kamene akadatha kukatcha kake. Akakhala yekha ankakatulutsa ndi kukayang'anitsitsa. Mtsikana wa thupi lodzaza ndi zipsera ankayang'ana thupi lina lokwapulidwa ndi lolasidwa, ndipo adauzidwa kuti ameneyo ndiye Mulungu.

Kumapeto kwa 1888 Turina Michieli adapita ku Suakin, kumene mwamuna wake anali ndi hotela. Potsata malangizo a Checchini, adasiya Mimmina ndi Bakhita m'manja mwa masisitere a Canossa, ku nyumba yophunzitsira akatekumeni mumzinda wa Venice. Chipani chimenechi adachiyambitsa Magdalene wa ku Canossa Woyera ku Verona m'chaka cha 1808. Masisiterewo adamuphunzitsa moleza mtima, ndipo Bakhita adazindikira kuti Mulungu amene akumufotokozayo ndi yemwe uja ankamufunafuna m'nyenyezi ali mwana.

Pomutchula Mulungu, Bakhita ankagwiritsa ntchito liwu la chilankhulo cha ku Venice lakuti Paron, kutanthauza mbuye kapena bwana. Papa Benedict XVI adaima pa liwu limeneli m'kalata yake yonena za chiyembekezo, Spe Salvi, ya m'chaka cha 2007. Adafotokoza kuti mtsikanayu, amene kufikira nthawiyo ankangodziwa ambuye omunyoza ndi omukwapula, tsopano adamva za Mbuye woposa ambuye onse, amene amamudziwa ndi kumukonda, ndiponso amene Iye mwini adalawa chikwapu. Liwu limene kwa zaka zambiri linkamukumbutsa mantha lidayamba kumukumbutsa chikondi.

Chipatso choyamba cha chaulere chimenechi chidaoneka m'chaka cha 1889. Turina Michieli adabwerako kudzatenga mwana wake ndi mlezi wake kuti apite nawo ku Suakin, ndipo Bakhita adakana. Aka kanali koyamba m'moyo wake kukana lamulo la mbuye. Kwa masiku atatu mayi Michieli adayesa njira zonse: kunyengerera, kukalipa, kumunena kuti ndi wosayamika, ndi kumukumbutsa za Mimmina amene sakadatha kukhala popanda iye. Izi zidamupweteka Bakhita kwambiri chifukwa mwanayo ankamukondadi. Koma adadziwa kuti akapita ku Suakin asanabatizidwe adzataya chimene adangochipeza kumene. Akuluakulu a nyumbayo adatengera nkhaniyi kwa episkopi wamkulu wa ku Venice ndi kwa woimira mfumu ya Italy pa zamalamulo. Pa 29 Novembala 1889 chigamulo chidaperekedwa: malamulo a Italy savomereza ukapolo, choncho mtsikanayo ndi mfulu ndipo asankhe yekha. Adasankha kutsala. Adalira poona mayi ndi mwana akuchoka, koma sadabwerere m'mbuyo.

Apa pali phunziro limene nthawi zina timalilumpha tikamakamba za kupereka mavuto athu kwa Mulungu. Ena amaganiza kuti kutero ndiko kukhala chete ndi kupirira chilichonse chimene anthu akutichita. M'mbiri ya Bakhita ntchito ya Mulungu idayamba kuonekera pamene mtsikana wozolowera kugonja adapeza mphamvu zonena kuti ayi. Ndiponso sadaime yekha. Panali Checchini, panali masisitere, panali episkopi, panali lamulo la dziko. Paja akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.

Zaka zambiri za ntchito zazing'ono

Pa 9 Januwale 1890 adabatizidwa, nalandira ulimbitso ndi Ukaristia tsiku lomwelo. Maina ake aubatizo anali Giuseppina Margherita Fortunata. Dzina lomalizalo, Fortunata, m'Chitaliyana limatanthauza wamwayi, chimodzimodzi ndi Bakhita. Dzina limene achifwamba adamupatsa momunyodola sadalitaye, adalowa nalo m'madzi a ubatizo ndipo lidatuluka lili loona. Pambuyo pake anthu ankamuona akupsompsona chitsime cha ubatizo chija, ponena kuti pamenepo ndi pamene adasanduka mwana wa Mulungu.

Munthu angayembekeze kuti kuchokera tsiku limenelo zonse zidayenda mofulumira, koma sizidatero. Atamva mumtima kuti Mulungu akumuitana ku usisitere, adazengereza kunena chifukwa ankadziona wosayenera. Adalowa unovisi pa 7 Disembala 1893, nachita malumbiro ake oyamba ku Verona pa 8 Disembala 1896. M'chaka cha 1902, chaka chimene ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua kuno kwathu, adatumizidwa ku nyumba ya masisitere ku Schio, tauni ya m'chigawo cha Vicenza. Kumeneko adakhala pafupifupi moyo wake wonse wotsala. Ankaphika, ankapeta nsalu, ankasamala ziwiya ndi zovala za Misa, ndipo kwa zaka zambiri ankalandira alendo pachipata. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse gawo lina la nyumbayo lidasanduka chipatala cha asilikali, ndipo iye adathandiza kusamala ovulala. Anthu a ku Schio, amene ambiri anali asanaonepo munthu wakuda, poyamba ankamudabwa, ndipo ana ena ankamuopa. M'kupita kwa nthawi adayamba kumutcha Madre Moretta, kutanthauza mayi wathu wakuda, ndipo amayi ankabwera ndi ana awo kuti awasanjike manja.

M'zaka zimenezi mulibe chozizwitsa chimene tingachiloze kuti apa ndi pamene adachira. Muli Misa ya m'mawa uliwonse, kolona, mapoto, singano, belu la pachipata, ndi gulu la masisitere amene ankadya naye pa tebulo limodzi ngati mbale wawo. Mulungu adagwiritsa ntchito zinthu wamba zimenezi pophunzitsa mtima wake kuti mawa kudzacha popanda chikwapu.

Tionenso nthawi imene idapita asanafotokoze mbiri yake mwadongosolo. M'chaka cha 1910, pomvera pempho la mkulu wa nyumba yawo, adafotokozera sisitere mnzake za moyo wake, ndipo mnzakeyo adalemba. Apa n'kuti patapita zaka zoposa 30 chigwidwire, ndi zaka 20 chibatizidwire. Pambuyo pake adafotokozanso kwa mphunzitsi wina, Ida Zanolini, amene adatulutsa buku la mbiri yake lotchedwa Storia Meravigliosa m'chaka cha 1931. Bukuli litatchuka, akuluakulu a chipani adamutuma kuti aziyendera nyumba zawo m'dziko la Italy polimbikitsa ntchito za umishonale, ndipo kwa zaka zingapo, mpaka 1939, adakhala ku Vimercate, kumene ankaphunzitsira masisitere opita ku mishoni. Kwa munthu wamanyazi ndi wosakonda kulankhula pagulu, kuima pamaso pa makamu obwera kudzamuona sichinali chinthu chapafupi. Adachita izi momvera, ndipo mabala amene kale anali chizindikiro cha mwini wake adasanduka umboni wolimbitsa ena.

Kukhululuka kumene kumatidabwitsa

Mawu a Bakhita amene amatchulidwa kawirikawiri ndi amene adayankha wachinyamata wina atamufunsa chimene angachite atakumana ndi anthu amene adamuba aja. Adayankha kuti angagwade ndi kupsompsona manja awo, chifukwa zikadapanda kuchitika zimenezo sakadakhala Mkhristu kapena sisitere. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo tiyenera kuwanyamula mosamala. Bakhita sadanene kuti ukapolo unali wabwino, kapena kuti Mulungu adakondwera ndi lumo lija. Ankanena monga Yosefe wa m'buku la Genesis, amene m'mutu 50 akuuza abale ake omugulitsa aja kuti chiwembu chawo chinali choipa ndithu, koma Mulungu adachitembenuza kuti chipulumutse anthu. Choipa chimakhalabe choipa. Chimene chimasintha n'chakuti sichikhalanso ndi mawu omaliza pa moyo wa munthu.

Tikumbukirenso kuti amene adayankha motero sanali kamtsikana kogona pa mphasa ku El Obeid. Anali mayi wachikulire amene adakhala zaka makumi angapo m'mapemphero, pa malo otetezeka, pakati pa anthu omukonda. Choncho si chilungamo kutenga mawu a nkhalamba yochira ndi kuwakakamiza pa munthu amene bala lake likadali kukha magazi. Ndipo mayi yemweyu amene adakhululukira omugwira ndi yemwe uja adakana kubwerera ku Suakin. Kwa iye kukhululuka ndi kukana kubwerera m'goli zinkayendera limodzi. Malemu Papa Francis, pophunzitsa za Bakhita pa 11 Okutobala 2023, adanena kuti kukhululuka ndiko kudamumasula, poyamba kukhululuka kumene adakulandira kwa Mulungu, kenaka kumene adakupereka kwa ena.

Maunyolo a tsiku lomaliza

Zaka zomaliza za moyo wake zinali za matenda. Miyendo idafooka mpaka adayamba kuyendera njinga ya olumala, kupuma kunkavuta, ndipo maso adachita khungu pang'onopang'ono. Ankakonda kunena kuti akupita kwa Mulungu pang'onopang'ono atanyamula masutikesi awiri. M'sutikesi imodzi muli machimo ake, ndipo m'sutikesi ina, yolemera kwambiri kuposa inzakeyo, muli zabwino zopanda malire zimene Yesu adatipindulira. Munthu amene adakula akusenza katundu wa ena adafika podziwa kuti katundu amene adzamulowetse kumwamba ndi amene Ambuye adamusenzera kale.

Koma m'maola ake omaliza mudachitika chinthu chimene sitiyenera kuchibisa. Matenda atakula, maganizo ake adabwerera ku masiku a ukapolo, ndipo kangapo konse adapempha sisitere womudwazika kuti amumasulireko maunyolo chifukwa akumulemera. Apa n'kuti patapita zaka pafupifupi 70 chigwidwire ku Olgossa, zaka 57 chibatizidwire, ndi zaka 50 chichitire malumbiro. Thupi lake linali likukumbukirabe. Atatsitsimuka adauzidwa kuti tsikulo ndi Loweruka, tsiku la Amayi Maria, ndipo adakondwa. Mawu ake omaliza anali otchula Amayi Maria. Adamwalira madzulo a pa 8 Febuluwale 1947, ndipo kwa masiku atatu anthu a ku Schio adandandalika kudzaona thupi lake.

Mpingo, podziwa bwino lomwe za kulira kwa maunyolo kuja, udamutcha Wodala pa 17 Meyi 1992, ndi Woyera pa 1 Okutobala 2000, zonsezi kudzera mwa Papa John Paul II. Papa yemweyu adafika ku Khartoum pa 10 Febuluwale 1993 nalemekeza Bakhita pa nthaka ya kwawo. Kuyambira 2015, tsiku la 8 Febuluwale ndi tsikunso lopempherera onse ozembetsedwa ndi kugulitsidwa ngati katundu. Kwawo ku Darfur kudabuka nkhondo yoopsa m'chaka cha 2003, ndipo ina idayamba m'dziko la Sudan mu Epulo 2023. Ana ena a kumeneko adzakula ndi mabala onga ake, choncho tisawaiwale m'mapemphero athu.

Kwa ife amene tasenza mitolo

Mnzanga amene ukuwerenga izi uli ndi bala lako, tenga mtima pa mfundo iyi: ngati woyera wa Mpingo adaliranso maunyolo ake pa bedi la imfa, ndiye kuti kubwerera kwa ululu wako si umboni woti Mulungu wakusiya, kapena woti supemphera mokwanira. Kuchira kwa Bakhita sikudafufute chikumbumtima cha zimene zidamuchitikira. Kudamupatsa moyo waukulu kuposa zimenezo, moyo woti atha kukonda, kuseka, kutumikira ndi kukhululuka, zipsera zili pomwepo. Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 20, umatiuza kuti Ambuye Yesu atauka kwa akufa adaonetsa Tomasi manja awo ndi nthiti yawo, mabala akadalipo. Ngati kuuka kwa akufa sikudachotse zipsera za Ambuye, tisachite manyazi ndi zathu.

Kulola Mulungu kugwira ntchito pa mtolo wathu kuli ndi mbali yathu. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati pali munthu amene akukuchita nkhanza lero lino, kaya kunyumba, kusukulu kapena kuntchito, choyamba n'kuchoka pa ngozi ndi kuuza wamkulu wodalirika, ngakhale akuluakulu a zamalamulo, monga zidachitikira ku Venice m'chaka cha 1889. Ngati bala ndi lakale, peza munthu mmodzi womvetsera: wansembe, sisitere, mlangizi wa achinyamata, kapena katswiri wa uphungu kuchipatala. Kupita kwa dokotala wa maganizo si kusakhulupirira Mulungu, pakuti Mulungu yemweyo adachiza Bakhita kudzera m'manja mwa anthu. Ku sakramenti la kulapa pita ndi machimo ako, koma usalape zimene ena adakuchita ngati kuti tchimolo ndi lako. Ndipo usadziikire tsiku loti pofika mwezi wakutiwakuti ukhale utachira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife enanso tili ndi udindo. Checchini sadalalike ulaliki wautali, adangopereka kamtanda ndi kuloza njira ya kwa masisitere. M'gulu lathu la achinyamata, m'kwaya ndi mu mphakati alimo wina amene akudikira munthu wotere. Sabata ino tiyeni aliyense adzifunse kuti ndani pakati pa anzathu wakhala chete mopitirira, ndipo timuyendere, osati kuti tikamufunse mafunso ambiri, koma kuti adziwe kuti akadzafuna kulankhula khutu lilipo ndipo chinsinsi chake chidzasungika.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, mudayenda ndi mtumiki wanu Bakhita kuyambira ku Darfur mpaka ku Schio, ndipo simudatope naye. Onani mitolo imene tasenza, imene tikuidziwa ndi imene sititha kuitchula. Tipatseni mphamvu zokana zoipa, kudzichepetsa kopempha thandizo, ndi kuleza mtima pamene mukutichiza. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Josephine Bakhita Woyera, mutipempherere ife.